Rede Sigwira Mwezi Ukawala

Ndivomere pachiyambi pomwe, kuopa kuti wina angadzanamiziridwe: ndinayambitsa ndine. Si atsibweni, ngakhale kuti bodzalo linayambira pakamwa pawo, pakuti iwo sankadziwa n'komwe kuti ndi bodza. Si mlendo wathu, a mana, amene ankangolemba zimene auzidwa. Ndine, mwana wa kalasi la khumi, wodziwa Chipwitikizi kuposa nzeru. Mukandifunsa ngati ndinamva chisoni, ndikuuzani kuti ndinamva masiku awiri, kenako chinatha chokha ngati chimfine.

Nkhani yonse yagona pa liwu limodzi la Chipwitikizi, rede. Amene munaphunzira tsidya lino la nyanja mukulidziwa. Ukonde wophera nsomba ndi rede. Neti yogonamo kuthawa udzudzu ndi rede. Ndiyeno chinthu chosaoneka chija chimene foni imasaka mukaikweza m'mwamba, chimene anzathu a ku Likoma amati netiweki, nachonso ndi rede. Eni ake chilankhulochi ali ndi mawu osawerengeka, mneni mmodzi amamuveka zovala makumi angapo kuti atizunze pa mayeso, koma pa zinthu zitatu izi anaumira, anangopereka liwu limodzi. Ndiye mlandu wonse ukhale wanga ndekha?

Zinachitika pa tchuthi chachikulu, mango atapsa. Ndinali nditabwerera kumudzi kuchokera ku Metangula kumene ndimaphunzira, ndipo itatha sabata imodzi ndinali nditatopa kale ndi kukhala mwana wabwino. Mudzi wathu uli kumwera kwa Kobwe, kumbuyo phiri, kutsogolo madzi, msewu umafika ukafuna. Tsiku lina boti la ku Metangula linatsitsa matumba a mchere, njinga imodzi, ndi mtsikana wobereka chikwama kumsana, nsapato zili m'manja. Anali wophunzira wa ku yunivesite, kwawo kumwera kwenikweni, kuseri kwa Zambezi. Anabwera kudzachita kafukufuku: kuyenda nyumba ndi nyumba kufunsa kuti mumakhalamo angati, anabadwa angati, anachoka ndani, sukulu munalekera pati, ndiponso ngati zinthu zamakono monga foni zinafika pakhomopo. Mayankho ankalemba pa chifoni chachikulu chophwatalala chotchedwa tabuleti, dzina limene linakhumudwitsa azakhali anga, chifukwa atangomva anayesa kuti kwabwera mankhwala a msana.

Tonse tinangowatcha a mana, monga timaitanira achemwali aakulu kusukulu. Chinyanja ankadziwa liwu limodzi, zikomo, ndipo ankalinena polowa, potuluka, polandira madzi, ngakhale popatukira bakha panjira. Chodabwitsa n'chakuti paliponse linkakwana.

Vuto linali loti akuluakulu athu ambiri anakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo. Anabwerako ndi Chichewa cha m'mabuku ndi Chingelezi chodukaduka, koma Chipwitikizi chawo chimathera pa moni ndi manambala. Pankafunika womasulira. Apulofesolo, monga timaitanira aphunzitsi kuno, a pasukulu ya m'mudzi mwathu, amene anandiphunzitsa ndili wamng'ono ndipo mpaka lero amakumbukira chule amene anamupeza m'bokosi la choko, ndi amene ananditchula.

"Chipwitikizi amachidziwa," anawauza a mana ine ndili pomwepo. "Koma muzimuyang'ana kukamwa. Akayamba kuluma mlomo wam'munsi, dziwani kuti pali chimene akuphika."

A mana anaseka, kuyesa nthabwala. Amayi anawalandira kwathu, n'kuwagoneka chipinda chimodzi ndi mlongo wanga wamng'ono.

Tsiku loyamba tinayenda kunyumba za aphunzitsi ndi za anamwino, olankhula okha Chipwitikizi, ine ntchito yanga inali kuthamangitsa agalu. Tsiku lachiwiri tinayambira kwa atsibweni, mlongo wawo wa amayi, msodzi wa usipa. Tinawapeza pakhonde akudya mango ndi mpeni.

"Akufunsa kuti muli ndi ana angati," ndinatero.

Atsibweni anawerenga zala, anafika pa chachisanu ndi chimodzi n'kuima. "Akufuna a kuno okha, kapena ndi a tsidya lija?"

"A tsidya lija ati?" anafunsa akazi awo ali kuseri kwa nyumba, kumene tinkayesa kuti sakumva.

"Asanu ndi mmodzi," anatero atsibweni msangamsanga. "Uwauze asanu ndi mmodzi basi."

Zimenezo ndinamasulira mokhulupirika. Za sukulu nazonso: analekera sitandade folo, ku Nkhata Bay. Tabuleti inalibe kabokosi ka masitandade a ku Malawi, ndiye a mana anaima n'kulemba pambali ndi chala chimodzi, kufunsa mobwereza kuti sitandade folo ndi zaka zingati pasukulu. Ndinaona kuti ndi munthu wosamala. Chimene sanamvetse sankachilumpha.

Kenako anafika pa gawo la zinthu zamakono, nawerenga funso loyamba: kodi pakhomo pano muli ndi rede?

Ndisanatsegule pakamwa, atsibweni anali atalitola kale liwulo, pakuti ndi limodzi mwa mawu ochepa a Chipwitikizi amene amawadziwa bwino. "Akuti rede? Akufunsa za ukonde?"

Apa ndiye panagona nkhani. Ndikanangoti iyayi, akunena za foni, bwenzi lero ndilibe cholemba. Koma ndinamva mano anga akugwira okha mlomo wam'munsi.

"Eya, atsibweni. Ukonde."

"Uwauze ndili nawo awiri."

"Akuti rede ali nazo ziwiri," ndinatero m'Chipwitikizi.

A mana anakweza nsidze. Foni yawo chifikireni m'mudzimo inali isanagwire kanthu. "Ziwiri? Za kuti?"

"Akuti maukondewo ndi a kuti?"

"Wodalirika ndi wa ku Malawi uja. Wa kuno sulimba."

"Akuti amadalira ya ku Malawi. Ya kuno ndi yofooka."

A mana anagwedeza mutu movomera, chifukwa anali atauzidwa kale ku Lichinga kuti m'midzi yoyang'anana ndi Likoma anthu ena amakola netiweki ya tsidya lija. Bodza kuti liime limafuna mwendo umodzi woona, ndipo uwu ndinangoupeza uli kale pomwepo.

Mafunso otsatira anangobwera okha ngati usipa pa nyali. Mumaigwiritsa ntchito kangati? Tsiku lililonse, kupatula Lamulungu. Pochita chiyani, ntchito, maphunziro, kapena kucheza? Apa atsibweni anaipidwa pang'ono: munthu wamkulu n'kumacheza ndi ukonde? Ntchito. Ana onse asanu ndi mmodzi akula ndi womwewo. Nanga akazi a pakhomo pano amaigwiritsa ntchito? Ayi, mkazi sakhudza, zinayambira kwa makolo. Yankho limenelo a mana analilemba nkhope itagwa, nausa moyo chifukwa cha akazi a m'mudzi mwathu. Nanga ana a sukulu? Vuto ndi limenelo, anatero atsibweni, mwana akangoilawa, sukulu saifunanso. A mana anati ngakhale kwawo makolo akulira zomwezo.

"Afunse mavuto amene amakumana nawo."

Atsibweni anaika mpeni pansi, pakuti funso limeneli anali atalidikira zaka zambiri kuti wina wa boma adzawafunse. "Umadukaduka. Kukachita mwera, osayerekeza n'komwe. Ndipo mwezi ukawala sugwira kanthu."

Ndinamasulira liwu ndi liwu, osathirapo mchere.

"Mwezi?" anatero a mana.

"Mwezi ukakhala wathunthu, rede sigwira. Aliyense kuno akudziwa."

Anayang'ana kumwamba, kumene kunali dzuwa lokhalokha, anayang'ana atsibweni, amene nkhope yawo inali ya munthu wolumbira m'khoti, kenako analemba.

Ndikufuna muone chinthu chimodzi musanandiweruze. Sindinasinthe yankho la munthu ngakhale mmodzi. Liwu lililonse limene linalowa m'tabuleti linatuluka m'kamwa mwa mwini wake. Ine ndinkangokhotetsa funso popita, pobwera ndinkayenda mowongoka.

Kunyumba zopanda msodzi ndinkati neti. Azakhali anga aja a msana, amene amuna awo anamwalira kale, anayankha monyadira kuti ali nayo, anawapatsa kuchipatala, ya ulere. Maola angati patsiku? Kuyambira akalowa m'nyumba mpaka tambala kulira, ndipo adzukulu onse atatu amakhala momwemo. A mana anawagwira dzanja azakhali n'kuwauza zikomo katatu. Pobwerera anandifotokozera panjira, maso akuwala, kuti aona chinthu chofunika kwambiri: akazi okhala okha ndi omasuka pa zamakono kuposa okwatiwa. Ine ndinati ndi zoona, inenso ndakhala ndikuziona.

Rede yeniyeni kwathu imapezeka pamalo amodzi odziwika, pamwala wina waukulu kuphiri, ulendo wotulutsa thukuta. Timangouti mwala wa foni. Pakapita masiku angapo a mana ankakwera kumeneko kukatumiza mayankho kwa mkulu wawo, amene ankamutchula kuti adotolo, osati a kuchipatala koma a mabuku. Ine ndinkanyamula chikwama. Ankadandaula kuti akanadziwa akanagula khadi ya foni ya ku Malawi, bwenzi akungotumiza ali pakhonde la azakhali.

Pakhomo pathu anazolowera msanga. Masana akabwerako kofunsa ankakhala pamkeka ndi mlongo wanga n'kumamuphunzitsa masamu a tizigawo ndi mango odula, ndipo mwana amene ankalira akaona kope la masamu anayamba kuwalondola mpaka kubafa. Amayi anawaphunzitsa kufinya chinangwa chovuula m'madzi n'kuchiyanika pathandala. Fungo lake mlendo aliyense amabwerera nalo m'mbuyo, koma a mana anangopuma ndi pakamwa n'kupitiriza, n'kumati zikomo. Anali ndi kabuku kolembamo mawu a Chinyanja. Tsiku lina tikudutsa kugombe analoza chilimila, ukonde waukulu uja wa usipa, chitayanikidwa pamchenga.

"Ichi mumati chiyani?"

"Ukonde."

Analemba, n'kuima. "Liwu limeneli ndimalimva kawirikawiri ukamamasulira."

"Ndife anthu a kunyanja, mana. Timalilowetsa paliponse."

Sanafunsenso zambiri, anatseka kabukuko.

Tsiku lina akusenda chinangwa ndi amayi, ine ndili pakati kumasulira, anafotokoza za kwawo. Kubanja kwawo palibe wina anafikapo ku yunivesite. Mayi awo amagulitsa matimati pamsika ndipo anauza kale msika wonse kuti mwana wawo akumaliza chaka chino. Kafukufukuyu ndiye anali khomo lomaliza. Anati adotolo ndi munthu wosaseka, ndipo chinthu chimene amadana nacho koposa ndi wophunzira wokhala pansi pa mtengo n'kumadzaza mayankho ochokera m'mutu mwake. Wotero amamuchotsa osamva zambiri.

"Uziwathandiza bwino mwana wa eni akeyu," anatero amayi.

"Ndikuwathandiza kwambiri, amayi."

Ndinaganizapo zosiya, musayese kuti ndilibe mtima. Koma kusiyira pakati kukanachititsa kuti kumtunda kwa mudzi kukhale rede yodzaza, kumunsi kopanda, ndipo a mana akanafunsa chifukwa chake. Komanso, ndinene zoona, zinkakoma. Nyumba iliyonse inkabweretsa chake. Wina anati yake anabwereka kwa mlamu wake ndipo akaigwiritsa ntchito amagawana zimene wapeza. Wina anati yake inadyedwa ndi makoswe.

Zinaphulika m'mawa wina pamwala wa foni. Titangofika pamwamba foni ya a mana inalira, ndipo mawu a adotolo ankamveka mpaka pamene ndinakhala ine. Anati midzi yoyandikana nafe, kumene kunali ophunzira anzawo, anthu akuti rede kulibe kapena ndi ya apo ndi apo. Nanga mudzi umodzi wokhawu zatheka bwanji kuti aliyense, mpaka nkhalamba, akhale pa rede kuyambira madzulo mpaka tambala? Nanga za mwezizi n'chiyani? Makoswe? Anati zinthu zotere munthu amazipeka akakhala pamthunzi. Anawapatsa mpaka Lachisanu kuti abweretse umboni, apo ayi akwere boti akabweze tabuleti, za chaka chino aiwale.

A mana anangoti, "Ndinalemba zimene ananena, adotolo." Foni inaduka.

Sanalire. Anakhala pamwalapo, tabuleti ili pamiyendo, n'kumatsegula nyumba imodzi ndi imodzi. Patapita nthawi anandiyang'ana.

"Iwe unalipo paliponse. Unamva. Ndinapeka ine?"

"Simunapeke, mana."

"Ndiye anthuwa andinamiza? Azakhali ako sangandinamize." Anayang'ananso tabuleti. "Mwina sindidziwa kufunsa. Mwina ntchito imeneyi si yanga. Amayi ndikawauza chiyani?"

Chimfine ndinanena chija chinandigwira pamenepo. Akanandikayikira bwenzi zili bwino, ndikanakana kaye kawiri monga mwa mwambo wanga, kenako n'kuvomera. Koma munthuyo anakayikira mudzi wonse, anadzikayikira yekha, ine osandiganizirako n'komwe. Potsika phiri ndinayesa katatu kutsegula pakamwa. Kuulula sindinazolowere, nthawi zonse ndimachita kugwidwa. Ndiye titafika pamphambano ndinangoti, "Tiyeni tidzere kugombe."

Atsibweni anali pamchenga, chilimila atachitambasula, chala chachikulu chakuphazi chitakola chingwe, akusoka pong'ambika.

"Atsibweni, a mana akufuna kuona rede yanu ija. Ya ku Malawi."

Anadzuka mosangalala, n'kunyamula mbali imodzi ya ukondewo ndi manja awiri ngati akuonetsa nsalu yaukwati. Anasonkhanitsa Chipwitikizi chawo chonse. "Rede. Malawi. Forti," kutanthauza kuti ngwolimba. Kenako anapisa mkono pachibowo n'kuutulutsira mbali inayo, kuti mlendo aone kudukaduka ananena kuja.

A mana anaima osagwedezeka. Anatsegula tabuleti, n'kuwerenga motsitsa mawu. Imadukaduka. Anayang'ana chibowo. Mkazi sakhudza. Mwana akailawa sukulu saifunanso. Mwezi ukawala sigwira. Anandiyang'ana kukamwa, monga anawalangizira apulofesolo, koma mochedwa ndi masabata awiri.

"Nanga azakhali ako?"

Ndinatsamiritsa tsaya pamanja n'kulira ngati udzudzu.

Anakhala pansi pamchenga n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka misozi, kusiya, kuyang'ana tabuleti, kunena kuti "makoswe", n'kuyambiranso.

"Akuseka ukonde wanga?" anafunsa atsibweni.

"Iyayi, atsibweni. Akuti sanaonepo wokongola chonchi."

Kumeneko kunali kumasulira kwanga komaliza popanda wondiyang'anira. Kuseka kutatha a mana anapukuta m'maso, anasasa mchenga, n'kulankhula chiganizo chathunthu cha Chinyanja choyamba chimene ndinawamva nacho, chopanda zikomo: "Tiye kwa amayi ako."

Mlandu unafuna womasulira, ndipo aliyense anaona kuti wakale uja sangayenere. Mlongo wanga anathamanga kukaitana apulofesolo. Atamva nkhani yonse anangoti kwa a mana, "Za mlomo zija ndinakuuzani." Atate anagwidwa ndi chifuwa chachilendo pamene nkhani inafika pa mwezi, anatuluka kukatsokomolera kuseri kwa nyumba, ndipo anakhalitsako. Amayi okha ndi amene sanaone choseketsa. Sanakweze mawu.

"Munthu akugona chipinda chimodzi ndi mlongo wako, akudya nafe. Wamva ndi makutu ako za mayi ake. Iwe n'kutenga pakamwa pa mlongo wanga, pakamwa pa azakhali ako, n'kumawomolera mabodza ako ngati chipande."

"Sananame aliyense, amayi. Ukonde ali nawodi."

"Ukonde ali nawodi," anabwereza amayi pang'onopang'ono, ndipo ndinadziwa kuti mawu amenewo andibwerera.

M'mawa mwake tinakwera atatu kumwala wa foni: a mana, apulofesolo ndi ine. A mana anali atajambula atsibweni atanyamula rede yawo ya ku Malawi, ndi azakhali atakhala m'kati mwa yawo ndi adzukulu atatu. Anatumiza zithunzizo, anaimba, n'kundipatsa foni.

"Ndikulankhula ndi ndani?" anafunsa adotolo.

"Womasulira, adotolo."

Ndinafotokoza zonse m'Chipwitikizi changa cha pa mayeso, mneni aliyense ndi chovala chake choyenera. Nditamaliza kunali zii, mpaka ndinayang'ana foni kuyesa kuti rede yaduka. Kenako anafunsa, mawu ali ouma chimodzimodzi, kuti ndiye m'Chinyanja funsolo liyenera kufunsidwa bwanji.

Ndinawauza kuti liwu loti rede alichotsemo, chifukwa msodzi akangolimva, ngakhale womasulira akhale mngelo, maganizo apita kale kunyanja. Ndipo kuno simufunsa munthu ngati ali nayo pakhomo. Mumafunsa kuti foni imagwira pati, pakuti aliyense ali ndi malo ake: pamwala, pachulu cha kuseri kwa tchalitchi kukakhala kopanda mitambo, kapena m'bwato pakati pa nyanja. Mufunsenso kuti foniyo ndi ya ndani, chifukwa imodzi imatha kuyenda nyumba zingapo.

"Bwereza pang'onopang'ono," anatero. Ndinamva kuti akulemba.

Adotolo anawaonjezera a mana sabata kuti abwereze gawo lonselo. Mawu oti pepani sindinawamve, mwina anapita ndi mphepo ya paphiri. Koma ndinamva akunena kuti ayenera kuimbira ophunzira ena onse amene ali m'midzi ya asodzi. Potsika ndinawauza apulofesolo kuti zikuoneka kuti ndawakonzera kafukufuku anthu a ku yunivesite. Anandiwomba kam'khosi kopepuka osatembenuka n'komwe.

Chilango choyamba chinali kubwereza nyumba zonse, apulofesolo ali kumbuyo kwanga kumvetsera. Pakhomo lililonse, tisanakhale pansi, ndinkayenera kunena ndekha kuti ndinakusokonezani, funso lija linali la foni. Ena anatukwana pang'ono, ambiri anaseka, ana anayamba kunditsatira n'kumanena nane limodzi ngati pemphero. Azakhali anafunsa ngati tsopano neti yawo aifufuta m'chifonimo, ndipo atamva kuti inde anakana kuyankha china chilichonse mpaka a mana anailemba pambali. Kwa atsibweni, akazi awo anatulutsa mpando wawo n'kukhala kutsogolo.

"Funso la ana lija alibwerezanso?"

"Ayi, la foni lokha."

"Uwapemphe alibwereze."

Sabata imeneyo ndinamva zinthu za m'mudzi mwanga momwe zimene sindinkazidziwa. Azakhali, ndi msana wawo womwewo, amakwera kumwala wa foni Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, ndi foni yobwereka, kuti akamve mawu a mwana wawo amene ali ku Nampula. Akalephera kumupeza amangokhalako pang'ono n'kutsika. Atsibweni ali ndi kafoni kokutira m'mapulasitiki awiri, kamene amayatsa ali pakati pa nyanja kuti auze ogula usipa gombe loti akadikire. A mana ankalemba zonsezi pambali ndi chala chawo chimodzi chija, ndipo pambalipo panadzaza kuposa timabokosi.

Tsiku limene a mana ankanyamuka mlongo wanga analira mpaka boti linabisika. Ine a mana anandisiyira kabuku kawo ka mawu. Patsamba la ukonde anajambulapo mutu wa mnyamata woluma mlomo, makutu aakulu kuposa anga. Anamaliza maphunziro awo. Chithunzi chawo atavala mkanjo, mayi awo ali pambali, chinabwera pa foni ya apulofesolo, ndipo amayi anakwera okha kumwala kuti akachione chikutseguka.

Chilango chachiwiri ndachisungira kumapeto chifukwa amayi ankayesa kuti ndiye chachikulu. Boti litangochoka anandigwira pamkono n'kundipereka kwa atsibweni. Anati poti ukonde ndaukonda chonchi, masiku onse otsala a tchuthi ndikhale pamchenga kusoka chilimila, kuyambira m'mawa mpaka atsibweni atanena kuti basi. Atsibweni sadziwa kunena kuti basi. Chingwe chinandicheka zala, msana unapsa ndi dzuwa, mfundo zanga zoyamba anazimasula zonse n'kunena kuti pamenepo pangadutse ngakhale kampango ndi banja lake. Koma pofika sabata yachitatu ndinkasoka osayang'ana, ndipo ndinamva nkhani yonse ya ana a tsidya lija, imene sindiimasulira m'chilankhulo chilichonse.

Sukulu itatsegulidwa, anzanga a ku Metangula, ana a asilikali a pamadzi ndi a m'maofesi, anandizungulira kufunsa chifukwa chake sindinayankhe mauthenga awo tchuthi chonse. Anati kumudzi kwanu kuja kulibe kanthu, eti? Ndinawaonetsa zala.

"Kulibe kanthu? Ine ndinali pa rede tsiku lililonse, m'mawa mpaka madzulo. Ya ku Malawi. Onani mmene zatupira."

Anazigwiragwira mwansanje. Mmodzi anafunsa ngati angadzabwere nane tchuthi chikubwerachi, ndipo ndamuuza kuti atsibweni amulandira ndi manja awiri.